Yuniyoni ndi tsankho la khungu, kuchokera ku Nkana kufika ku Mfuwe

Mu Malichi 1949, antchito akuda a m'migodi ya Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope anaphatikiza timabungwe tawo n'kupanga yuniyoni imodzi, African Mineworkers' Union, ndipo anasankha Lawrence Katilungu kukhala mtsogoleri wawo. Chaka chotsatira, kuno ku chigwa cha Luangwa, Norman Carr anagwirizana ndi mfumu yaikulu Nsefu kuti chigawo china cha dziko la Akunda chipatulidwe, alendo azibwera kudzaona nyama n'kulipira, ndalamazo zizilowa m'thumba la ulamuliro wa mafumu. Zonse ziwiri zinachitika m'dziko limodzi, pansi pa bwanamkubwa mmodzi, koma sizikambidwa pamodzi. Za kumigodi timaziphunzira kusukulu m'mbiri ya ufulu, za kwa Nsefu timaziwerenga m'timabuku ta alendo pakati pa zithunzi za njovu ndi mikango. Komatu pamsasa wa Nsefu panali anthu otema mitengo, omanga, otunga madzi, ophika, onyamula mfuti ndi olondola mapazi a nyama. Funso lakuti wolamula ndani, wotumidwa ndani, ndipo khungu likulowapo bwanji, linalipo konsekonse. Kumigodi linafunsidwa ndi sitalaka mpaka magazi anakhetsedwa. Kuno limangonong'onedwa.

Boma la Mambwe lilibe mgodi waukulu, lilibenso fakitale yaikulu. Anthu ambiri m'madera a mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro amadalira khasu: chimanga, mapira, mpunga ndi thonje. Ntchito ya malipiro a pamwezi, ukachotsapo ya boma, imapezeka makamaka m'maloji ndi m'misasa ya alendo ku Mfuwe, m'mphepete mwa paki ya South Luangwa. Komabe za mayuniyoni si zachilendo kuno, chifukwa agogo athu anaziona ndi maso. Msonkho wa atsamunda utayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mwamuna wa m'chigwa analibe kwina kopezera masheleni koma kukwera mtunda. Ena anakalowa m'minda ya fodya ya Azungu ku Fort Jameson, Chipata ya lero, kumene kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu. Ena anayenda pansi mpaka ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku mgodi wa Broken Hill, ndipo migodi ya mkuwa itayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 analoweranso kumeneko. Ena anachona. Amene anabwerera anafika ndi njinga, mabulangete ndi nkhani za m'komboni.

Nkhanizo zili ndi mbali yowawa kwa ife amene timakhulupirira mabungwe a antchito. Yuniyoni payokha si mdani wa tsankho. Mpanda umene unkatsekereza munthu wakuda kuti asafike pa ntchito zapamwamba sunamangidwe ndi eni migodi okha. Amene ankaulondera usana ndi usiku inali yuniyoni, ya Azungu. Mwini kampani amafuna ntchito yotchipa, ndipo nthawi zambiri akanakonda kuika wakuda wa malipiro ochepa pamalo pa Mzungu wodula. Wogwira ntchito wachizungu ndiye ankaopa zimenezo. Ku Johannesburg mu 1922, eni migodi ya golide atafuna kupereka ntchito zina za Azungu kwa akuda, antchito achizungu ananyanyala ntchito n'kutola mfuti. Boma la Jan Smuts linawatumizira asilikali ndi ndege, ndipo anthu oposa 150 anafa. Azunguwo anagonja pankhondoyo koma anapambana pa chisankho cha 1924, ndipo mu 1926 mpandawo unakhwimitsidwa m'lamulo la migodi.

Nthawi imeneyo n'kuti mwana wa ku Nyasaland, Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia, akutsogolera bungwe la ICU limene linayamba pakati pa antchito a padoko ku Cape Town mu 1919. Pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Kadalie anapempha kuti ICU ilowe m'mgwirizano wa mayuniyoni a ku South Africa, umene unali m'manja mwa Azungu. Anamukana, ndipo china mwa zifukwa chinali chiwerengero chomwecho: akuda akanalowa onse, mavoti awo akanamiza a eni nyumba. Mnzake wa kwawo, Robert Sambo, amene anadzala ICU ku Bulawayo, anathamangitsidwa m'dzikomo mu 1927.

Ku Copperbelt moto unabuka mu Meyi 1935. Boma linakweza msonkho wa anthu a kumigodi kuchoka pa masheleni 12 ndi theka kufika pa 15, n'kulengeza mwadzidzidzi chaka chili pakati. Antchito ananyanyala ku Mufulira, kenako ku Nkana, kenako ku Luanshya, kumene apolisi anawombera n'kupha anthu 6. Yuniyoni kunalibe, uthenga unkayenda kudzera m'magulu a gule wa mbeni ndi m'zikalata zomatidwa m'komboni. Azungu a m'migodi anaona zonsezi, ndipo mu 1936 anapanga yuniyoni yawo mothandizidwa ndi anzawo a ku South Africa. Wakuda analibe malo m'menemo.

Mu Malichi 1940, nkhondo ili mkati ndipo Britain ikufuna mkuwa mwa njira iliyonse, Azunguwo ananyanyala ku Mufulira ndi ku Nkana, napatsidwa zambiri zimene ankafuna. Akuda anati nafenso. Wongoyamba kumene ankalandira masheleni 12 ndi theka akakhala wa pamwamba, kapena 22 ndi theka akakhala wa pansi pa mgodi, pa tikiti ya masiku 30 ogwira ntchito, kuphatikiza phoso ndi kanyumba ka m'komboni. Mzungu ankalandira mapaundi makumi angapo pamwezi. Onyanyalawo anapempha masheleni 10 patsiku. Makampani anati awonjezera masheleni 2 ndi theka pa tikiti yonse. Pa 3 Epulo asilikali anawombera khamu la anthu ku Nkana ndipo anthu 17 anafa. Chimene chimandigwira mtima pa sitalaka imeneyi si ndalamazo ayi. Antchitowo ananena poyera kuti ntchito yeniyeni ya pansi pa mgodi ankaigwira ndi iwo, Mzungu n'kumangoyang'anira, ndipo anapempha kuti ayesedwe: gulu la akuda okha, gulu la Azungu okha, tione amene atulutse mwala wambiri. Mpikisanowo sunachitike.

Yuniyoni ya Azungu inapezerapo mwayi pa nkhondoyo. Mu 1941 inakakamiza makampani kuvomera kuti ntchito za pamlingo wa Azungu zizipatsidwa kwa mamembala ake okha. Nkhondo itatha inawonjezera mfundo yokoma kumva: wakuda akapatsidwa ntchito ya Mzungu, alandire malipiro, nyumba ndi zina zonse zofanana ndi za Mzunguyo. Ntchito yofanana, malipiro ofanana. Angatsutse ndani? Koma aliyense ankadziwa kuti palibe kampani imene ikanapatsa wakuda ndalama zimene zinaikidwa kuti zikope munthu kuchoka ku Johannesburg kapena ku Britain, makamaka wakuda amene sanaloledwe n'komwe kuphunzira ntchitoyo. Mfundo ya chilungamo inagwira ntchito ya tsankho popanda kutchula khungu. M'malamulo a Northern Rhodesia munalibe ndime yoletsa wakuda ntchito za m'migodi monga zinalili ku South Africa; zonse zinali m'mapangano a pakati pa yuniyoni ndi makampani. Kunjanji kunalinso chimodzimodzi. Roy Welensky, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Chitaganya mu 1956, anayamba kutchuka ali woyendetsa sitima ndi mtsogoleri wa yuniyoni ya Azungu ku Broken Hill.

Mu 1947 boma la chipani cha Labour ku Britain linatumiza William Comrie, wa ku Scotland, kudzaphunzitsa akuda kayendetsedwe ka yuniyoni. Sichinali chikondi chokha. Ankafuna mabungwe odekha, osalowerera ndale. Komiti ya Andrew Dalgleish inanena mu 1948 kuti panali ntchito zambiri zimene akuda akanatha kuzitenga nthawi yomweyo, ndi zina ataphunzitsidwa pang'ono. Yuniyoni ya Azungu inakana ngakhale kukaonekera pamaso pa komitiyo, ndipo lipotilo linangosungidwa m'kabati. Inayesanso njira ina, yotsegula nthambi za akuda pansi pa utsogoleri wake. Anthu a ku Nkana anaizindikira nyamboyo, napanga bungwe lawolawo mu Febuluwale 1948.

Mphamvu ya yuniyoni yatsopanoyo inaoneka mu Okutobala 1952, pamene antchito oposa 30,000 anakhala pansi milungu 3 popanda chiwawa, akufuna masheleni 2 ndi mapeni 8 owonjezera pa shifiti. Mkhalapakati C. W. Guillebaud anagamula mu Januwale 1953 kuti awonjezeredwe kuyambira sheleni 1 ndi mapeni 2 mpaka sheleni 1 ndi mapeni 8. Koma kwa ine chachikulu chinachitika mu Malichi chaka chomwecho. Kuyambira 1931 makampani ankalankhula ndi antchito kudzera mwa akuluakulu a mitundu: Abemba ndi wawo, Angoni ndi wawo, Ansenga, Achewa, Alozi, aliyense ndi wake. Antchito anavota, ndipo pafupifupi onse ovotawo anati dongosolo limenelo lithe. Anali ataona kuti bola akumadandaula mtundu ndi mtundu, bwana wa komboni azingowayankha mtundu ndi mtundu, mpanda wa pamwamba osakhudzidwa.

Mng'alu unatulukira pena. Akalaliki, akapitawo ndi ena a malipiro a pamwezi, ambiri a iwo Alozi ndi a ku Nyasaland amene anadutsa m'sukulu za mishoni, anapanga bungwe lawo, Mines African Staff Association, lotsogozedwa ndi Godwin Mbikusita Lewanika. Makampani analilandira ndi manja awiri. Kumayambiriro kwa 1955 sitalaka ya masiku 58, yofuna masheleni 10 ndi mapeni 8 pa shifiti, sinaphule kanthu kooneka. Cha m'nthawi yomweyo Ronald Prain wa kampani ya Rhodesian Selection Trust, imene masheya ake ambiri anali a anthu a ku America, anaopseza kuti athetsa pangano ndi yuniyoni ya Azungu, ndipo mitundu 24 ya ntchito inatsegulidwa kwa akuda. Zambiri mwa ntchito zokwezedwazo zinaikidwa m'manja mwa bungwe la akalaliki lija, kotero kuti munthu akakwezedwa ankachoka m'yuniyoni ya anzake. Masitalaka otsatizana a mu 1956 anali otsutsa zimenezi, ndipo mu Seputembala boma linakhazikitsa malamulo a nthawi ya chipwirikiti n'kumanga atsogoleri ambiri a yuniyoni. Choncho mpandawo sunagwe ndi dzanja limodzi. Unagwedezeka chifukwa akuda anasonyeza kuti atha kuimitsa mgodi, chifukwa eni kampani ena anawerengera naona kuti tsankho likuwadyera ndalama, ndiponso chifukwa ndale za ufulu zinali zitayamba kutentha. Ndipo pomwe unagumuka, oyamba kudutsa anali ochepa, n'kusiya ambiri kuseri.

Ufulu wa pa 24 Okutobala 1964 unafafaniza mawu akuti Mzungu ndi wakuda m'mabuku a malipiro, koma m'malo mwake munalowa akuti wochokera kunja ndi wa konkuno. Milingo inakhalabe iwiri. Mu 1966 antchito a m'migodi ananyanyalanso, ndipo komiti ya Brown inati awonjezeredwe 22 peresenti. Boma linatenga 51 peresenti ya migodi mu 1970, ndipo kampani ya migodi ya ZCCM itapangidwa mu 1982 mkulu wake anali Mzambia, Francis Kaunda. Zotsatira tikuzidziwa: mgwirizano wa mayuniyoni wa ZCTU, wotsogozedwa ndi Frederick Chiluba, unakhala liwu lalikulu lotsutsa boma la chipani chimodzi, Chilubayo anamangidwa mu 1981, nakhala pulezidenti mu 1991. Ndi boma la mtsogoleri wa antchito ameneyu limene linagulitsa migodi, ndipo kusintha kwa lamulo mu 1997 kunalola mayuniyoni angapo m'ntchito imodzi. Anthu zikwizikwi anachotsedwa, ena n'kubwerera pamgodi womwewo kudzera mwa makontirakitala, pa malipiro otsika.

Nkhani ya Amwenye ndi yopotana, ndipo kum'mawa kuno timaidziwa mbali imodzi yokha. Anayamba kufika ku Fort Jameson cha m'ma 1905, ambiri ochokera ku Gujarat. Atsamunda anawaika pakati: malo awo a malonda anali apadera, ana awo sankalowa m'sukulu za Azungu, ndipo boma la Chitaganya linatseka khomo kwa Amwenye atsopano. Koma kwa wakuda, Mmwenye anali bwana wa sitolo, wolemba telala wa pakhonde ndi wogulitsa wa pakauntala. Si zodabwitsa kuti imodzi mwa mayuniyoni oyambirira a akuda m'dziko muno inali ya ogulitsa m'masitolo. Chipani cha Harry Nkumbula chitanyanyala mabutchala a ku Lusaka mu 1954, chifukwa wakuda ankagulitsidwa nyama pazenera la kumbali, mkwiyo unali pa Azungu. Pofika 1956 kunyanyalako kunakhudza masitolo a Amwenye omwe. Ufulu utabwera zinthu zinatembenuka. Mu Epulo 1968 ku Mulungushi, Kenneth Kaunda analengeza kuti malonda ambiri a m'masitolo akhale a nzika zokha. Ku Malawi Kamuzu Banda anachotsa amalonda achimwenye m'midzi m'zaka za m'ma 1970. Ku Uganda Idi Amin anawathamangitsa mu 1972.

Ambiri anakathera ku Britain, ndipo kumeneko amene anali mabwana anasanduka antchito a m'fakitale. Mayuniyoni a kumeneko nawonso anali ndi mipanda yawo. Ku Bristol mpaka 1963 kampani ya mabasi sinkalemba wakuda kapena Mmwenye kukhala dalaivala kapena kondakitala, ndipo nthambi ya yuniyoni ya TGWU inkagwirizana nazo; zinatha anthu atanyanyala kukwera mabasiwo miyezi 4 motsogozedwa ndi Paul Stephenson ndi anzake. Ku Leicester mu 1974, antchito achimwenye a pafakitale ya Imperial Typewriters, ambiri ochokera ku East Africa, ananyanyala atazindikira kuti ankaberedwa pa bonasi ndiponso sankakwezedwa, koma akuluakulu a yuniyoni yawo yomwe anakana kuwaikira kumbuyo. Kenako kunabwera Grunwick, fakitale yotsuka zithunzi ku London. Mu Ogasiti 1976 Jayaben Desai, mayi wobadwira ku Gujarat amene anakhalapo ku Tanzania, anatuluka pantchito ndi anzake kufuna yuniyoni. Ulendo uno Azungu anabwera. A positi ofesi ya Cricklewood anakana kunyamula makalata a kampaniyo, ndipo pa 11 Julayi 1977 anthu pafupifupi 20,000, kuphatikizapo a m'migodi ya malasha otsogozedwa ndi Arthur Scargill, anadzaza misewu. Komabe akuluakulu a mayuniyoni anabwerera m'mbuyo, mpaka mu Novembala 1977 Desai ndi anzake anasala kudya pakhomo pa likulu la TUC, mgwirizano wa mayuniyoni a ku Britain. Sitalakayo inatha mu Julayi 1978 osapambana.

Anthu a mtundu womwewo, amene ku Africa anali eni kauntala, ku London ankaimika dzanja kupempha chilolezo chopita kuchimbudzi. Munthu amene waona zimenezi sangapitirize kuganiza kuti vuto lili m'magazi a Mmwenye kapena a Mzungu. Lili pa amene wagwira buku la malipiro ndi mphamvu yonena kuti ntchito iyi ndi ya anthu otani. Wogulitsa m'sitolo ku Chipata amene sanapatsidwe kalata ya ntchito ali ndi mlandu weniweni, ndipo pali lamulo lapadera la malipiro otsikitsitsa a antchito a m'masitolo limene angaimepo. Koma mlanduwo ukasanduka chidani cha mtundu, bwana wakuda amene amachita zomwezo amapulumuka, ndipo alipo ambiri. N'chimodzimodzi ndi Matchaina. Anthu oposa 40 anafa pafakitale ya Matchaina ya zophulitsira miyala ku Chambishi mu Epulo 2005. Akapitawo awiri achitchaina anawombera antchito pamgodi wa malasha wa Collum ku Sinazongwe mu Okutobala 2010, mlandu n'kuthera m'malere. Mu Ogasiti 2012 pamgodi womwewo Mtchaina mmodzi anaphedwa pa mkangano wa malipiro atsopano. Chimene chinasowa pamalo amenewa ndi woyendera ntchito wa boma ndi yuniyoni yololedwa kulowa pageti.

Kuno ku chigwa, zenera la kumbali kulibe. Zambiri zasintha, ndipo wokana zimenezo ndi wabodza. Kale, pa ntchito yopha njovu zowononga minda, fundi wakuda ndiye nthawi zambiri ankalondola ndi kuwombera, koma udindo unali wa Mzungu. Lero magaidi ambiri a ku South Luangwa ndi Azambia akuda, ochuluka obadwira m'chigwa momwe muno, amene anakhoza mayeso ovuta a ntchitoyo ndipo alendo amawafunsa ndi dzina. Alipo mamanijala akuda, aliponso ochepa amene ali ndi misasa yawo. Maloji ena amanga masukulu, kukumba mijigo ndi kulipirira ana fizi. Komabe ukayang'ana amene ali ndi mapepala a malo, amene amakambirana ndi makampani otumiza alendo ku Ulaya ndi ku America, amene amasunga mabuku a ndalama ndi kukhala pagome ndi alendo usiku, m'malo ambiri khungu limayera pamene ukukwera. Si maloji onse, koma wokhala pamsika wa Cropping ku Mfuwe madzulo sangalephere kumva za mnyamata wochokera kunja amene anaphunzitsidwa ntchito ndi anthu amene mawa lake anayamba kuwalamula.

Chifukwa chimene chimaperekedwa sichitchula khungu. Amati alendo amafuna wowalandira wodziwa zakwawo, wodziwa vinyo ndi nthabwala zawo. Nthawi zina pali choonadi pang'ono, koma luso limenelo n'lophunzirika, monga mmene mayina a mbalame anaphunzirikira. Lamulo la ntchito la mu 2019 limaletsa tsankho ndipo limati ntchito zolingana phindu zilipidwe mofanana. Vuto ndi lija la ku Nkana: amene amatcha ntchito dzina ndiye amagamula ngati ikulingana ndi ina. Anthu awiri atha kugwira zofanana, wina n'kutchedwa woyang'anira msasa, wina wothandizira, wina n'kumalipidwa m'madola, wina m'makwacha amene atha kufooka chaka chili mkati. Chilolezo cha ntchito cha mlendo chimayenera kuperekedwa pamene luso lake silikupezeka m'dziko, ndipo pamayenera kukhala Mzambia wophunzira kuti adzatenge malowo. Antchito a pamsasa nthawi zambiri saona mapepala amenewo.

Yuniyoni ya antchito a m'mahotela ndi zokopa alendo ilipo, Hotel Catering Tourism and Allied Workers Union of Zambia. Koma zimene zinapatsa mphamvu Katilungu kuno kulibe. Iye anali ndi anthu zikwi m'komboni imodzi, makampani aakulu awiri okha, ntchito ya chaka chonse, ndi mkuwa umene dziko lapansi linkaulira. Kuno antchito amwazikana m'misasa yaing'ono yotalikirana, ina mkati mwa paki. Misasa yambiri ya kutchire imatsegulidwa cha mu Meyi kapena Juni n'kutsekedwa mvula ikamayamba. Lamulo limakakamiza wolemba ntchito kulembetsa ndi kuchita pangano ndi yuniyoni akakhala ndi antchito 25 kapena kuposerapo, ndipo ang'onoang'ono ambiri safika pamenepo. Wantchito amagona pamalo omwewo ndi bwana wake, amadya chakudya cha kampani, amakwera galimoto la kampani mwana akadwala. Kumbuyo kwake kuli banja lalikulu limene munda wake unadyedwa ndi njovu, ndipo pageti pali anyamata ambiri ofuna malo ake. Nthambi ya khoti lalikulu yoweruza milandu ya ntchito ili ndi maofesi ake akuluakulu ku Lusaka ndi ku Ndola, pamene kungofika ku Chipata n'kupitirira makilomita 100.

Palinso mantha ena. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mkuwa ukapanda kukumbidwa lero umadikira pansi, koma mlendo akamva kuti ku Mfuwe kuli sitalaka amapita ku Botswana kapena ku Tanzania, ndipo woyamba kuvutika ndi woperekera zakudya amene amadalira matipi ndi gawo lake la 10 peresenti imene imawonjezeredwa pabilu ya mlendo. Anthu a kuno anaona maloji atatsekedwa ndi madzi osefukira mu 2007, anaonanso 2020 pamene ndege zinaleka kutera chifukwa cha Covid-19. Sangasewere ndi mkhatewo, ndipo sindingawanene kuti ndi amantha.

Pamene sitalaka ndi yoopsa chotero, chida chotsala ndi pangano lolembedwa, ndipo ndikuona kuti liyenera kukhala la chigwa chonse, osati la loji imodzi imodzi. Eni maloji anagwirizana kalekale m'bungwe lawo, Luangwa Safaris Association, limene limayendetsa mayeso a magaidi. Mayesowo ndi umboni wa zimene mlingo wolembedwa umachita: pamene panaikidwa njira yoonekera kwa aliyense, ana a m'chigwa anadutsa. Palibe chifukwa choti uyang'aniro wa msasa, kusunga mabuku ndi kutsatsa malonda zikhalebe zopanda njira yotero, zongodalira kuti mwini wake wakukonda. Ntchito iliyonse ikhale ndi dzina limodzi ndi mlingo umodzi wa malipiro, kaya woigwira wachokera kwa Mnkhanya kapena ku Cape Town, ndipo oimira antchito aziona dzina la Mzambia amene analembedwa kuti akuphunzira pansi pa mlendo. Yuniyoni yotero iyeneranso kudzisesa yokha. Ikakhala ya Akunda okha yolimbana ndi obwera kuchokera ku Chipata ndi ku Lusaka, yabwerera kwa akuluakulu a mitundu amene anakanidwa mu 1953. Ikakhala ya magaidi ndi akalaliki okha, yabwereza za 1955, n'kusiya kunja ochapa, alonda, amayi amene ndi ochepa kale m'misasa, ndi masikauti a m'midzi amene amayenda m'tchire limodzi ndi asilikali a nyama a boma pa malipiro otsika, nthawi zina ochedwa.

Mfundo imene ndingaike patsogolo pa zonse ndi ya kuitanidwanso. Ndime 108 ya lamulo la ubale wa pantchito imaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha mtundu, khungu, fuko kapena chipembedzo, ndipo wochotsedwa atha kukadandaula kukhoti. Koma wantchito wa nyengo amene wafunsa chifukwa chimene wadumphidwa pa udindo sachotsedwa ntchito. Kontirakiti yake imangotha mu Novembala pamodzi ndi ya anzake onse, ndipo Meyi akafika foni yake silira. Palibe kalata, palibe chifukwa cholembedwa, palibe chimene angapite nacho kwa woyang'anira za ntchito. Pangano la chigwa liyenera kunena kuti amene anagwira nyengo yatha ndiye woyamba kuitanidwa, ndipo wosiyidwa auzidwe chifukwa chake papepala, woimira antchito ali pomwepo.